Golide wa M'mano a Nyerere

Amuna anga anali munthu wa mapulani. Asanandikwatire anali ataumbapo njerwa zimene zinasungunuka ndi mvula yoyamba, atawetapo nkhunda zimene zinasamukira kwa aneba, ndiponso atayesapo kupanga sopo wa phulusa amene anasupula manja a mlongo wawo. Kwathu, kufupi ndi mgodi wakale wa golide wa ku Sasare, anafika kuchokera ku Msanzala ali ndi njinga, bulangete ndi pakamwa. Pakamwapo ndi pamene panandikola. Munthu uja ankatha kukuseketsa uli pamaliro, ndipo ine wa mtima wapachala ndinali ndisanaonepo mwamuna amene ndikamukalipira amayamba kuimba.

Kwathu mwamuna ndiye amasamuka kukakhala kwa mkazi. Munda ndi wa kuchikazi, ana ndi a kuchikazi, mkamwini chake ndi khasu ndi ulemu basi. Mayi anga sanawafune amuna angawo kuyambira tsiku loyamba. Koma mwambo sulola mpongozi ndi mkamwini kuyang'anana kapena kulankhulana, moti akakumana panjira wina amapatukira patchire. Choncho mayi akakhala ndi mawu ankauza nkhuku.

"Mwewo nkhuku," ankatero akuwaza gaga pabwalo, "kuli anthu ena dzuwa lafika pamutu akali kupukuta njinga. Kapena njinga ndiye izalima."

Chaka choyamba amuna anga anadzala mpendadzuwa pamene anthu onse ankadzala chimanga, mbalame n'kuchita phwando. Mvula ya chaka chachiwiri isanagwe, amalume anga, mlongo wawo wa mayi, anatiitana. Iwo ndiwo anali mwini mbumba, komanso anali tcheyamani wa nthambi ya chipani m'mudzi mwathu, zaka zija chipani chinali chimodzi chokha. Maudindo awiriwa ankawasokoneza. Nkhani ya banja ankaiweruza atavala jekete la baji, ndipo aliyense ankamutchula kuti komuledi, ngakhale mwana wanga woyamwa.

"Komuledi mkamwini," anatero amalume, "boma likuti tilime thonje. Munda wa mlongo wanga ni uyo. Thonje likachita bwino, ndimwe wathu. Likakanika, njinga yanu iziwa njila ya ku Msanzala. Mkazi na mwana azasala kuno."

Amuna anga anawomba m'manja n'kuthokoza ngati apatsidwa mbuzi. Ine ndinkadziwa kuti amalume akalankhula atavala jekete sabweza mawu, ndipo ndinachita mantha, chifukwa munthu wa mapulaniyo ndinkamukonda.

Kunena zoona, analima. Njinga inachita dzimbiri pakhonde. Ankadzuka mame ali gwaa, kupalira, kupatulira, kubandira, mpaka thonje linafika m'chiuno, lobiriwira loti munthu wodutsa ankaima. Litayamba maluwa, mbozi zinafika. Zinali zija zimaboola kachipatso ka thonje kasanaphulike n'kukadyera m'kati. Mankhwala opopera ankayenera kubwera ku depoti, koma zinali zaka zimene chilichonse chinkayenera kubwera. Shuga ankayenera kubwera, mafuta ophikira ankayenera kubwera. Ukapita ku Petauke n'kupeza anthu ali pamzere, unkangoimapo kaye, zofunsa kuti akugulitsa chiyani unkafunsa uli kale pamzerepo.

Amene anatithandiza anali mlangizi wa zaulimi, bambo wamtali wochokera kumpoto kwa dziko, amene Chinyanja chake chinkatsimphina. Boma linamupatsa njinga yamoto koma linaiwala petulo, choncho ankayenda wapansi. Anayendera munda wathu, kutembenuza masamba, kenako n'kugwada pansi kuyang'ana dothi.

"Mankhwala musayembekeze, mukwai," anatero, akutilemekeza m'chilankhulo cha kwawo. "Asilikali muli nao kale. Ni nyelele izi. Ziitaneni chabe."

Kaitanidwe kake kanali kophweka. Unkawiritsa mitu ya kapenta, msuzi wake n'kumawaza patsinde ndi pamasamba a thonje, mituyo n'kuikwirira pang'ono m'mizere. Nyerere zikabwera kudzafuna nsomba zinkakwera mumtengo n'kupezamo mazira ndi tiana ta mbozi. Kapenta anali wosowa ndipo ndinadandaula, koma ndinapereka. Posakhalitsa munda unadzaza nyerere zakuda, mizere yake kukwera ndi kutsika. Unkaziona zitanyamula mbozi yaikulu kuposa izo, zina kutsogolo zina kumbuyo ngati anthu a kumanda. Thonje linapuma. Tsiku lina ndinamva mayi akuuza nkhuku kuti anthu ena akafuna amatha kukhala anthu, ndipo ndinathamanga kukawauza amuna anga kumunda.

Zikanathera pomwepo bwenzi lero ndikukamba zina. Koma mlangizi uja ankakonda kuphunzitsa, ndipo amuna anga ankakonda kufunsa. Masana ena atakhala pamthunzi m'mphepete mwa munda, ine ndikuyamwitsa chapomwepo, nyerere inaluma amuna anga pamwendo. Anafunsa kuti kanthu kakang'ono chonchi kamakhala bwanji ndi mano olimba chotere.

Mlangizi anakondwa nalo funsolo. Anati m'dothi muli tizitsulo tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso. Mizu imatimwa pamodzi ndi madzi, n'kufika m'masamba. Mbozi imadya masamba ambiri, nyerere imadya mbozi zambiri, ndipo tizitsulo tina situluka m'thupi mwa nyerere. Timaunjikana pang'onopang'ono, makamaka m'mano, ndiye chifukwa chake manowo sabuntha. Anati nyerere ya dera lililonse imasunga zimene zili m'dothi la dera lakelo.

Ndinaona maso a amuna anga akutembenukira kumapiri a ku Sasare. Maso amenewo ndinkawadziwa.

"Nanga golide?" anafunsa mwaulemu.

Mlangizi anaseka. "Kapena ka pang'ono sana. Mungafune nyelele zozala lole kuti mupeze ka golide kolingana na diso ya nsingano."

Kwa munthu wina aliyense yankho limeneli likanatseka nkhani. Amuna anga anangogwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu n'kuona kuti angakwanitse.

Muyenera kumvetsa kuti kwathu golide si nthano. Makolo athu anamuona akutuluka ku Sasare, ndipo m'mudzi uliwonse munali nkhalamba yodziwa kuzunguza mchenga m'beseni la madzi mpaka zopepuka zitachoka, zolemera n'kutsala pansi. Amuna anga anali ataphunzira kale kazunguzidweko, poti panalibe chinthu chosathandiza chimene sanaphunzire.

Choyamba kusowa anali kapenta wanga wa ndiwo. Ndinanamizira mphaka. Kenako linasowa beseni losambitsira mwana, ndipo mphaka sakananyamula beseni. Ndiye kunayamba kumveka fungo ngati la tsitsi lopserera, lochokera kumtsinje wa kumunsi kwa munda. M'mawa wina ndinabereka mwana n'kulondola fungolo.

Ndinawapeza atanjuta pamchenga. Pambali panali chiguduli cha thumba chonyowa ndi msuzi wa kapenta, chakuda bii ndi nyerere. Ankachiyala m'munda, nyerere zikadzazana n'kuchinyamula kudzachikutumulira pa chidutswa cha lata chimene chinali pamoto. Phulusa lake ankalithira m'beseni la mwana wanga, kuthiramo madzi a mumtsinje, n'kumazunguza mosamala, lilime lili panja. Nyambo imene tinaitanira asilikali aja ndi yomweyo ankawaphera.

"Amake mwana, bwelani muone," anatero atandiona, osachita ngakhale manyazi. Anatulutsa kabotolo ka mafuta odzola. Pansi pake panali timchenga tonyezimira.

Mchenga wa mumtsinje wathu umanyezimira kuyambira kalekale. Tili ana tinkaupaka kumaso posewera ukwati. Ndinawauza zimenezi ndi mawu amene sindingawalembe pano, beseni ndinaliponya kutsidya, ndipo mwana kumsana anayamba kulira. Iwo anadikira kuti ndimalize, kenako n'kundifotokozera modekha kuti akungotenga nyerere za m'mphepete, kuti nyerere sizitha padziko, ndi kuti kabotolo kakadzaza adzamangira apongozi awo nyumba ya malata, nkhuku zidzamve nkhani zina.

"Fodya wako ni uyo ali pamphuno," ndinatero. "Thonje ili ndiye fodya wanu. Likafa muzapita, ndipo ine nizasala na beseni yakupsa."

Analonjeza kuti asiya. Ndinawakhulupirira chifukwa ndinkafuna kuwakhulupirira, ndipo mayi sindinawauze, poopa kuti njinga ingadziwe njira nthawi isanakwane. Koma ine ndikapita kuchigayo kapena ku sikelo ya mwana, lata linkabwerera pamoto. M'mphepete mwa munda munkasunthira m'kati tsiku ndi tsiku.

Amene anazindikira anali mayi. Anabwera kuchokera kumunda atafumbata tizipatso ta thonje, kalikonse kali ndi kabowo, n'kutiponya pakati pa nkhuku osanena kanthu. Kusalankhula kwa mayi kunali koopsa kuposa kulankhula kwawo. Ndinathamangira kumunda. Mizere ya nyerere ija kunalibe, kunangotsala imodziimodzi yoyenda ngati yasochera. Mbozi zinali paliponse, zonenepa, zosaopa munthu.

Mlangizi atabwera anazungulira munda wonse akukanda mutu. Anati sanaonepo nyerere zikusamuka pamalo pamene pali chakudya. Amuna anga anapisa m'thumba n'kumupatsa kabotolo kaja, akufotokoza ndi mawu apansipansi. Mlangizi anaseka mpaka anakhala pansi pamzere. Atatukula mutu n'kuona nkhope yanga, anasiya. Anati nyerere zidzabwerera zokha, koma mbozi sizidikira.

Apa ndi pamene panabadwa pulani yomaliza. Kwawo ku Msanzala kunali mitengo ya mango yokhala ndi nyerere zofiira, zija zimamata masamba pamodzi n'kupanga chisa chonga mpira. Ukali wake aliyense amaudziwa, poti ngakhale ana akuba mango amaulambalala mtengo wotero. Amuna anga anati zimenezo ndiye asilikali enieni, zakuda zija zinali apolisi chabe. Mlangizi anawachenjeza kuti chisa chochotsedwa kwawo sichikhalitsa, koma anati kuyesa si mlandu. Njinga inathiridwa mafuta, iwo n'kunyamuka.

Anabwerera mkuja wake masana, mudzi wonse uli pabwalo. Zisa anazidula bwino ndithu, n'kuziika m'thumba, thumbalo n'kulimanga pakaliyala. Chimene anaiwala n'chakuti thumba linali lakale, ndipo msewu wathu ndi wamiyala. Tinayamba kumva kuimba kwachilendo kuchokera kumsewu. Kenako njinga inatulukira ikuyenda mokhotakhota, wopalasa akudzimenya kumsana ndi dzanja limodzi. Atafika pabwalo anadumpha njinga isanaime n'kuyamba kuvina gule amene sanaonekepo m'dziko la Ansenga. Mayi wina wachikulire anayamba kuwomba m'manja, poganiza kuti mkamwini wagwidwa ndi mizimu ya mashawe.

Anavula malaya. Nyerere zinali psuu kumsana konse, m'khwapa, m'khosi. Kenako anagwira lamba. Vuto linali lakuti pamalo pamene anaimapo panali pamaso penipeni pa mayi anga, amene anali pamphasa akusenda mtedza. Mkamwini amene kwa nthawi yonseyi ankalowa muminga kuthawa mthunzi wa apongozi ake, tsiku limenelo anavula buluku pamaso pawo akudumphadumpha. Mayi anadziphimba kumutu ndi lichero, mtedza uli mbwee pansi. Ine ndinathamanga ndi chitenje kukawakulunga, nyerere n'kundigawirako. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo sindikudziwa kuti misozi ya kuseka inathera pati.

Madzulo omwewo, thupi lili lotupa, anatola zisa zotsala n'kukazimangirira m'mitengo ya thonje ndi luzi. Nyerere zofiira zija zinagwira ntchito kwa kanthawi, kenako zinatha monga ananenera mlangizi. Zakuda zinayamba kubwerera, ife tikuwaza msuzi wa kapenta yemwe tsopano tinkachita kupempha. Mbozi zina tinkatola ndi manja, awiriwiri, kuyambira m'mawa mpaka msana kuuma. Amuna anga sankaimbanso. Pokolola, thonje linatuluka loyera bwino koma lochepa, mwina theka la limene munda uja ukanapereka. Aneba amene analibe mapulani anakolola kutiposa.

Amalume anavala jekete. Tinakhala pabwalo, mayi atapereka msana kwa mkamwini wawo monga mwa mwambo, ngakhale kuti panalibenso chimene anali asanaone. Amalume anayamba ndi kufotokoza kufunika kwa ulimi pa chitukuko cha dziko, kenako anapempha kuona kabotolo kaja. Anakayang'ana padzuwa nthawi yaitali, akukatembenuza uku ndi uku.

"Nanga ngati ni weniweni?" anafunsa chapansipansi.

Mayi anatsokomola. Amalume anaika kabotolo pansi msanga n'kukonza jekete. Ndikudziwa kuti iwo ankawakonda amuna anga, poti ndi okhawo ankamvetsera zolankhula zawo mpaka kumapeto. Koma anali atanena pamaso pa anthu, ndipo mlongo wawo anali pomwepo.

"Komuledi mkamwini, munalima, sitingakane. Koma munaocha antchito anu. Mau yanga muyaziwa."

Ndinadikira pulani. Ndinali ndi chikhulupiriro kuti pakamwa paja patuluka kanthu, nthabwala kapena lonjezo la chaka chamawa, chilichonse choti amalume apezerepo pothawira. Amuna anga anagwada, anawomba m'manja, n'kunena kuti zikomo pondisunga. Analowa m'nyumba, anapinda bulangete, analimanga pakaliyala. Anabwera pamene ndinakhala, n'kugwira kaphazi ka mwana kanthawi ndithu. Ine sanandiyang'ane. Ananyamuka akukankha njinga, osakwera.

Zinandiwawa koopsa, ndipo ine chinthu chikandiwawa ndimapsa mtima. Ndinakwiyira amuna anga chifukwa chosadziteteza, ndinakwiyira amalume ndi jekete lawo, ndinakwiyira mlangizi ndi tizitsulo take. Anthu anayamba kubalalika. Mayi anadzuka, anakutumula chitenje, n'kunena kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo amuna padziko sanathe. Aka kanali koyamba kunena za iwo osadzera kwa nkhuku.

Ndinalowa m'nyumba. Ndinayala chitenje pansi, n'kuikapo zovala zanga, matewera, mapoto awiri ndi chipande. Ndinabereka mwana, mtolo n'kusenza. Potuluka ndinapeza mayi ataima pakhomo.

"Nichinji ichi?" anafunsa.

"Amama, niyenda."

"Munda uyu ni wako. Unali wa amama, lomba ni wangu, mailo ni wako na mwana uyu. Kwamene uyenda ulibe olo pokumba chimbuzi."

"Niziwa, amama."

"Ukonkha chipuba," anatero, kutanthauza kuti ndikutsatira chitsiru.

"Ni chipuba changa."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana mdzukulu wawo amene anali atagona kumsana, n'kupatuka pakhomo. Mwanayo anali wa mbumba, ndipo amalume anali ndi mphamvu yondiletsa kumutenga. Nditadutsa pamene anakhala, anaweramitsa mutu n'kuyamba kupukuta baji ndi chala.

Ndinawapeza amuna anga kumapeto kwa mudzi, pamene njira imatsikira kudambo. Atamva mapazi anacheuka, n'kuima kukamwa kuli yasa.

"Ku Msanzala siniyenda," ndinatero ndisanafike n'komwe. "Sinifuna kusekewa na alongo anu. Tiyende ku Nyimba, kwamene kulibe otiziwa."

Anamasula mtolo pamutu panga n'kuumanga pamwamba pa bulangete. Atamaliza anapukuta m'maso ndi mkono, ndipo ndinaona kakuwala ka mapulani kaja kakubwerera m'masomo.

"Ku Nyimba kuli nthochi maningi pa mseu," anatero. "Manje nili kuganiza kuti makoko yake..."

"Kankhani njinga," ndinatero.

Ku Nyimba tinakakhaladi, ndipo nthochi tinagulitsa pamsewu waukulu zaka zambiri, mpaka ana athu onse anakulira pomwepo. Munda wa mayi unalimidwa ndi mng'ono wanga. Ndinkapitako kukaona anthu ndi kumaliro, monga mlendo.

Koma tsiku lija, tisanawoloke dambo, ndinacheuka kamodzi. Ndinkaganiza kuti mwina mayi aima kumapeto kwa bwalo, ngakhale kungoti anditukwane komaliza. Panalibe munthu. Ndinangomva mtondo ukulira kuseri kwa nyumba yathu, mwamphamvu, mosapumira. Chimanga chonse tinali titasinja dzulo lake, ndipo ndinkadziwa kuti mumtondomo munalibe kanthu.